Kuzonda mnzako si ufiti, aphunzitsi

Chaka chatha ndinaitanidwa kukakhala mmodzi mwa oweruza pa kampikisano ka sayansi ka masukulu angapo a sekondale kuno kunyanja. Sinditchula sukulu, chifukwa mlandu umene ndikufuna kuzenga si wa sukulu imodzi. Ana anabwera ndi zimene anapanga. Ena mbaula yosadya makala ambiri, ena sefa ya madzi ya mchenga ndi miyala, ndipo gulu lina linabweretsa kamkono ka makatoni koyendera majakisoni a pulasitiki odzaza madzi, kamene kamatola botolo n'kukaliika pambali. Ife oweruza tisanayambe kuzungulira, ndinaona mtsikana wa Fomu 2, kope m'manja, ataima pa tebulo la sukulu ina. Amayang'ana kamkono kaja anyamata akukayeserera, n'kulemba, n'kuyang'ananso. Kenaka anafunsa mmodzi mwa anyamatawo kuti, "Kodi mukakayendetsa kakhumi, kamagwetsa botolo kangati?"

Mnyamata asanatsegule pakamwa, aphunzitsi ake anatulukira. "Iwe mwana, ukufuna chiyani pano? Wakutuma ndani? Tiye uko!" Anatambasula chitenje n'kuphimba kamkono kaja ngati akuphimba maliro. Mtsikana anangoti, "Pepani sala," n'kubwerera atazolika. Atafika pa tebulo la kwawo, madamu ake nawonso anamulandira ndi mkalipo. Amati akuwayalutsa, anthu aziti sukulu yawo yabwera kudzaba nzeru za eni.

Ine ndinali pomwepo, ndipo sindinanene kanthu. Lero ndikunena. Pa ana onse amene anadzaza holo ija, amene anachita sayansi tsiku limenelo ndi mtsikana amene tinamuthamangitsayo.

Masiku ano mawu oti maloboti ali pakamwa pa aliyense. Akuluakulu akakwera pa nsanja amati ana athu aphunzire makompyuta, aphunzire maloboti, kuti masomphenya a Malawi 2063 asafere m'mazira. Ndilibe nawo mkangano pamenepo. Vuto n'lakuti ambiri mwa olankhulawo akamva za mpikisano wa maloboti, m'mutu mwawo mumabwera mawaya, mabatire ndi ndege yopita kunja. Sadziwa kuti kumene mipikisano imeneyi inazika mizu, chikho chimadalira kwambiri ana okhala pa mabenchi, opanda ndi sipanala yomwe m'manja, amene ntchito yawo ndi kuzonda anzawo, kuwerenga ndi kulemba.

Ku America, mpikisano wa FIRST Robotics Competition unayamba mu 1992 ndi matimu 28 okha, mu holo ya masewera ya sukulu ina ku Manchester, m'chigawo cha New Hampshire. Anauyambitsa ndi katswiri wopanga zipangizo Dean Kamen, mothandizana ndi mphunzitsi wa pa yunivesite ya MIT, malemu Woodie Flowers. Chaka chilichonse mu Januwale amalengeza masewera atsopano, ana n'kukhala ndi masabata owerengeka opangira loboti yawo. Pabwalo sipalowa maloboti awiri kudzaswana ngati a nkhonya ayi. Kuyambira mu 2005 amalowa atatu uku, atatu uko, ofiira ndi abuluu, ndipo gemu imatha pa mphindi pafupifupi ziwiri ndi theka, madzi a tiyi asanawire n'komwe. Pagona nkhani ndi apa: m'ndime yoyamba simusankha anzanu. Kompyuta ndiyo imagawa. Timu imene yakuthidzimulani 10 koloko m'mawa, mukhoza kuima nayo mbali imodzi dzuwa lisanafike paliwombo.

Zikatero mndandanda wa opambana umanama. Timu ya loboti yofooka ikhoza kukwera pamwamba chifukwa mwayi unaigwirizanitsa ndi akatswiri kasanu kotsatizana, ngati mwana wobereka kumsana amene akudzitama kuti wayenda mtunda wautali. Timu ya loboti yabwino ikhoza kugwera pansi chifukwa anzake amangozima pakati pa bwalo. Amene amakhulupirira mndandanda amagula mbuzi ili m'thumba. N'chifukwa chake timu yodziwa chimene ikuchita imakhazika ana asanu ndi mmodzi pa benchi gemu iliyonse, aliyense maso pa loboti imodzi yokha. Yaponya kangati? Yaphonya kangati? Ikagundidwa imagwa? Woyendetsa wake amachita phuma nthawi ikamatha? Ena amalemba pa foni kapena pa tabuleti, koma ambiri anayambira pa pepala, ndipo ena akadali pa pepala pomwepo. Gulu lina limazungulira m'timisasa mmene matimu amakonzera maloboti awo, n'kumafunsa za mateyala, za mota, za chimene chinathyoka dzulo. Palibe amene amawathamangitsa. Eni loboti amachita kuigubuduza kuti alendo aone ndi kunsi komwe. Madzulo ana onsewa amakumana, mapepala mbwee, n'kukangana mpaka usiku kuti alembe mndandanda wawowawo wa amene angakonde kumenyera nawo limodzi mawa.

Zimenezi si zachilendo kwa munthu wa ku Dwambazi. Mukatsika basi pamsewu wa M5, chakumapeto kwa boma la Nkhotakota kumene mtsinje wa Dwambazi umatilekanitsa ndi Nkhata Bay, n'kutsetserekera kunyanja m'bandakucha, mudzapeza azondi ali kale pa ntchito. Mwini chilimira wanzeru sadikira kuti maboti ake okha afike. Amayenda pamchenga manja kumbuyo, moni apa moni apo, koma maso ali m'maboti a anzake. Usiku anaona kumene nyali zinaunjikana. Akudziwa kuti mwezi uli pati, kuti mwera unayamba nthawi yanji, kuti uyu anabwerera msanga chifukwa injini ikutsokomola. Amayi ogula usipa nawo foni ili kukhutu, akufunsa mtengo wa ku Ngala ndi wa ku Tukombo asanatulutse ndalama m'chitenje.

Tsiku lina ndinacheza ndi mkulu wina amene wakalamba akugwira ntchito ya usiginala, ija yotsogola pa bwato ndi nyali kukasonkhanitsa usipa anyamata asanaponye chilimira. Ndinamufunsa kuti, "Ada, inu mumadziwa bwanji kumene anzanu akupha?" Anaseka. "Mukawafunsa adzakuuzani, koma msodzi akakulozerani kumpoto dziwani kuti wapha kummwera. Ine sindimvera pakamwa. Ndimawerenga ndowa zimene zatsika m'boti, ndimayang'ana thandala la mkazi wake." Mkulu ameneyu sanaonepo loboti, koma ananena ndendende chimene ana a ku mipikisano ya maloboti amaphunzira misozi ili m'maso: zimene timu ikuuzani mu msasa wake ndi zofuna zake, zimene loboti yachita pabwalo ndiye zoona. Aliyense amati loboti yake imaponya khumi. Pepala la mwana wa pa benchi limati inaponya katatu, kenaka lamba anaduka.

Ndipo taonani mmene siginala amapezera ntchito. Eni zilimira amalimbirana siginala wabwino, amamunyengerera ndi ndalama za patsogolo, amamupatsa gawo lalikulu kuposa la anyamata okoka. Palibe mwini boti amene amalemba siginala chifukwa ndi mwana wa alongo ake, pokhapokha ngati akufuna kugulitsa injini chaka chisanathe. Pamadzi chibale sichidzaza ndowa. Nzeru imeneyi ili pagombe, mamita ochepa kuchokera pa mawindo a makalasi athu, koma ikafika pakhomo la sukulu timaivula nsapato n'kuiuza kuti idikire panja.

Chifukwa chiyani? Ndikuganiza kuti tinazolowera kuona chidwi cha mnzathu ngati chiwembu. Munthu akayang'anitsitsa munda wako, akufuna kukukawa. Akafunsa mmene wamangira uvuni wako, pali chimene akufuna kukuchita. Pitani ku mpira mukaone. Takhala tikuona matimu akuluakulu akukana kulowera pa geti n'kumadumpha mpanda, akukana chipinda chosinthiramo zovala, anthu akumenyana chifukwa wina wathira madzi pa golo. Mphamvu zonse zimene zimathera poteteza timu ku mankhwala a adani, zikanathera potuma mnyamata mmodzi ndi kope ku Chitowe kapena ku Kamuzu Stadium sabata imodzi gemu isanachitike, kuti akawerenge kuti makona a adaniwo amagwera pati ndipo goloboyi wawo amafooka mbali iti, bwenzi tikulankhula zina. Makochi ena amachita zimenezi, ndipo ndimawavulira chipewa. Koma mwana wa sukulu amene wakulira mu mpweya umenewu amaphunzira msanga kuti chako ubise, cha mnzako usayang'ane. Aphunzitsi aja ndi chitenje chawo sanagwe kumwamba. Tinawalera ndife.

Pa mpikisano wa maloboti kubisa ndi uchitsiru weniweni, ndipo malamulo ake anapangidwa dala kuti kukhale uchitsiru. Ngati mdani wa m'mawa ndi mnzako wa masana, ukam'mana sikuluwu m'mawa wadzimana wekha masana. N'chifukwa chake m'maholo amenewa mumamveka zolengeza pa chimkuzamawu kuti timu yakuti ikusowa mota yakuti, ndipo amene amathamanga nayo mwina ndi amene akumane nawo gemu yotsatira. Woodie Flowers ankalalikira khalidwe limeneli moyo wake wonse, loti upikisane ndi mphamvu zako zonse koma mnzako umulemekeze ndi kumuthandiza. Ife tili ndi mwambi wake kale, uja wa ndevu za mnzako zikapsa. Timaunena pamaliro ndi pa misonkhano ya chitukuko. Pa mpikisano wa sukulu timauiwala m'basi.

Tsopano ndifike pa gawo limene limandisangalatsa kuposa onse, la kusankha anzako. Ndime yoyamba ikatha, matimu asanu ndi atatu a pamwamba amakhala atsogoleri a migwirizano. Woimira timu yoyamba, mwana wa zaka mwina 16, amaima pakati pa bwalo, anthu onse akumuyang'ana, n'kuitana timu imene akufuna. Kenaka wachiwiri, wachitatu, mpaka wachisanu ndi chitatu. Ulendo wachiwiri umayambira kumunsi kubwerera kumwamba, kotero kuti wa nambala 8 amasankha kawiri motsatizana, pamene wa nambala 1 amasankha komalizira penipeni. Timu ikaitanidwa ikhoza kukana, koma ikakana palibenso wina angaitenge. Onse pamodzi amakwana maloboti 24, otsalawo n'kukakhala pa benchi kuombera anzawo m'manja.

Mwana amene waima pakatiyo ali ndi anzake m'holomo. Muli timu ya tauni ya kwawo, muli timu imene inamubwereka batire dzulo, muli timu ya dzina lalikulu imene aliyense amaiopa ngakhale chaka chino loboti yake ikudwala. Akasankha potsata chibale, kapena ngongole ya ulemu, kapena dzina, pakangotha ola limodzi holo yonse iona zotsatira zake. Palibe komiti yobisalako, palibe lipoti lodzatuluka zaka zitatu zikubwerazi. Ndiuzeni malo ena m'maphunziro athu pamene mwana wa Chimalawi amakakamizidwa kusankha munthu pagulu potsata umboni, n'kulipira yekha mtengo wake akasankha wakwawo. Dziko lino timadandaula usana ndi usiku za tsankho polemba ntchito, za makontirakiti opita kwa alamu. Mawu oti mgwirizano tinawamva mpaka kutopa khoti litagamula mu Febuluwale 2020 kuti wopambana upulezidenti azipeza mavoti opitirira theka, ndipo mmene maukwati a zipani amathera mukudziwa nokha. Koma sitinaganizepo zoti kusankha bwenzi la pantchito ndi luso loti mwana aliphunzire, monga amaphunzirira kugawa manambala.

Bwererani ku loboti ya nambala 24 ija. Ndiyo yosankhidwa komalizira, koma imalowa mu mgwirizano wa timu yamphamvu kuposa onse, ndipo si zachilendo kuti ikwere nawo pa nsanja kukalandira chikho. Atsogoleri aja pofika pamenepo safunanso katswiri, akatswiri ali nawo kale awiri. Amafuna loboti imene sizima, imene imachita kanthu kamodzi gemu iliyonse mosaphonya, yoyendetsedwa ndi ana omva zimene mwagwirizana. Tiyerekeze kuti mwazonda maloboti awiri magemu asanu ndi imodzi. Yoyamba yapeza 12, 0, 14, 0, 11, 0. Yachiwiri yapeza 6, 6, 7, 6, 5, 6. Mukaphatikiza, ina 37 ina 36, avereji yake pafupifupi imodzimodzi. Koma yoyambayo imafa gemu imodzi mwa ziwiri zilizonse, ndipo mu ndime ya chipulula imfa imodzi ikhoza kukutumizani kwanu. Woonera wamba amakumbukira 14 uja chifukwa holo inaphulika ndi chisangalalo. Mwana wa kope amakumbukira maziro atatu.

Kwa sukulu yosauka, uthenga wabwino woposa uwu palibe. Simungapose Kamuzu Academy pa zipangizo, ndipo musadzivutitse. Koma mukhoza kupanga chinthu chonyozeka chimene chimagwira ntchito ulendo uliwonse, ndipo mukhoza kudziwa anzanu onse kuposa mmene akudzidziwira eni ake. Zonse ziwirizi sizifuna magetsi a ESCOM.

Ndikumva kale wina akung'ung'udza kuti, bambo inu, ana akukhala pansi, mabuku ndi limodzi pa ana khumi, labotale ndi dzina chabe, ndiye mukutiuza za maloboti a ku America? Funsoli ndi lachilungamo ndipo sindilithawa. Sindikupempha boma kuti ligule maloboti a sukulu iliyonse yoyendera. Ndikadakhala ndi ndalama zimenezo ndikadayamba ndi madesiki ndi zimbudzi za atsikana. Chimene ndikunena n'chakuti pa zinthu zonse za mu mpikisano wa maloboti, chotsika mtengo kwambiri ndicho tikuchinyoza, pamene chokwera mtengo ndicho tikuchilirira. Pepala la mzondi ndi tsamba limodzi la kope lojambulidwa mizere ndi rula. Ana athu amaloweza avereji ndi magirafu kuti akakhoze mayeso a MANEB, koma ambiri amamaliza Fomu 4 asanawerengepo chinthu chamoyo n'chimodzi chomwe. Manambala onse amene anawagwiritsapo ntchito anawapeza atalembedwa kale pa bolodi. Atumeni Lachisanu ku gemu ya ntchemberembaye ya sukulu yoyandikana nayo, aliyense atenge wosewera mmodzi, alembe mipira imene waponya, imene yalowa, imene wataya. Atumeni kugombe sabata zinayi akalembe ndowa za usipa pamodzi ndi kukula kwa mwezi, aone okha ngati zimene amanena akuluakulu zoti mwezi ukawala usipa subwera ku nyali zikuoneka pa girafu. Mwana amene wachita zimenezi, tsiku limene adzaone loboti koyamba adzadziwa pokhala ndi choyang'ana.

Palinso china chimene chimatilepheretsa, ndipo ndichinena mosamala chifukwa chikukhudza munthu amene ndimamulemekeza. Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi ali mnyamata atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, tinaikonda mpaka tinaipotoza. Buku lake linatuluka mu 2009, filimu mu 2019, ndipo kuchokera pamenepo takhala tikusakasaka mwana wanzeru wa yekha, wotuluka m'tchire ndi chozizwitsa m'manja. Tikamupeza timamujambula ndi nduna, n'kumuiwala. Koma werengani bwino nkhaniyo. William anayamba ndi kuyang'anitsitsa chithunzi cha makina a anthu ena m'buku la mu laibulale, kuzonda kumene. Ndipo sanali yekha. Panali msuweni wake Geoffrey, panali mnzake Gilbert, mwana wa mfumu, amene anatulutsa ndalama yogulira dayinamo ya njinga pamene William analibe. Anali atatu, aliyense ndi chake chimene anabweretsa. Ife tinadulapo awiriwo pa chithunzi chifukwa nthano ya munthu mmodzi imakoma kuikamba.

Atolankhani nafenso tili ndi mlandu. Mu Julayi 2017 ku Washington kunachitika mpikisano woyamba wa FIRST Global, umene dziko lililonse limatumiza timu imodzi ndipo matimu onse amalandira bokosi la zipangizo zofanana. Masewera a chaka chimenecho anali a madzi: maloboti amalekanitsa timipira tabuluu, toimira madzi abwino, ndi talalanje, toimira zonyansa. Dziko lonse linamva za atsikana a ku Afghanistan amene anakanizidwa viza kawiri asanaloledwe, linamva za ana a ku Gambia amene anavutikanso ndi viza, linamva za achinyamata asanu ndi mmodzi a ku Burundi amene anasowa mpikisano utatha. Nkhani zonsezo zinali zoona ndi zofunika. Koma za mmene ana a mayiko atatu osamvana chilankhulo amagwirizanirana pa mphindi zochepa kuti uyu atole, uyu aponye, uyu atchinge, sitinalembe. Mpikisanowu wapita ku Mexico City mu 2018, ku Dubai mu 2019, ku Geneva mu 2022, ku Singapore mu 2023, ku Athens mu 2024, ndipo kalembedwe kathu sikanasinthe. Ana a kuno akapita ku mpikisano uliwonse wa kunja, nkhani yathu imakhala ya pa bwalo la ndege: anyamuka, mbendera m'manja, afika, aimira dziko bwino. Palibe amene amawafunsa kuti munaona chiyani kwa anzanu, kope lanu lili kuti, chaka chamawa amene akupita adzayambira pati. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo ife takhala tikulandira za m'maluwazo ndi manja awiri.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zambiri sizifunanso tikiti ya ndege. Zotsatira ndi mavidiyo a magemu a FIRST Robotics Competition zili poyera pa intaneti, pa tsamba la The Blue Alliance, kwaulere. Mphunzitsi amene ali ndi foni ndi kabandulo kochepa akhoza kutsitsa gemu imodzi ya mphindi ziwiri ndi theka, kuitanira ana asanu ndi mmodzi pansi pa mtengo wa mango, kupatsa aliyense loboti yake, n'kuionetsa katatu. Kenaka afananitse mapepala. Adzadabwa kuona kuti ana awiri oyang'ana loboti imodzimodzi alemba manambala osiyana, ndipo phunziro lenileni liyambira pa mkangano umenewo: tigwirizane kuti kuponya n'kutani, kuphonya n'kutani, tilembe bwanji kuti wina amene sanaone akhulupirire pepala lathu. Ku MUST ku Thyolo, ku MUBAS ku Blantyre, kapena ku sukulu ya madroni imene UNICEF inathandiza kutsegula ku Lilongwe mu 2020, mwana wofika ndi chizolowezi chimenechi sangasowe pogwira.

Kuzonda kuli ndi malire ake, ndipo ana awadziwe. Kuyang'ana chimene chili poyera, kufunsa mwaulemu, kulemba zoona, zonsezo n'zololedwa. Kugwira chinthu cha eni popanda chilolezo, kunamiza okufunsa kuti makina ako amachita zimene sachita, kugonja dala kuti mnzako akwere pa mndandanda, kumeneko ndiye kuba. Ndipo pepala la mzondi limanena za makina ndi kaseweredwe, si pepala lonyozerapo ana a anthu. Mphunzitsi amene akuopa kuti ana ake aphunzira ukazitape awaphunzitse malire amenewa, asawaphimbe m'maso.

Kwa amene mumakonza mipikisano ya sayansi, kuyambira ya masukulu oyandikana mpaka ya dziko lonse, pempho langa ndi ili. Ikani ola limodzi oweruza asanayambe, loti matebulo onse akhale ovundukula ndipo mwana aliyense azungulire ndi kope. Perekani malikisi pa kope limenelo. Kenaka yesani ndime imodzi yomaliza ya migwirizano, ngakhale ndi zinthu za makatoni, mawaya a galimoto zoseweretsa ndi timamota tochotsa m'mawailesi akufa: ntchito ikhale yosamutsa zitsekerero za mabotolo kuchoka m'beseni kupita mu ndowa pa mphindi ziwiri ndi theka, masukulu atatu mbali imodzi. Opambana a ndime yoyamba asankhe anzawo pagulu, ndipo mwana wosankhayo, osati aphunzitsi ake, anene chifukwa chake powerenga manambala a m'kope lake. Tsiku limene sukulu ya mpanda wa njerwa ya mu mzinda idzaitane sukulu yoyendera ya ku Dwambazi chifukwa kamakina kake sikanaphonyepo, aphunzitsi a mbali zonse ziwiri adzaphunzira kanthu kamene semina ya ku hotela siingawaphunzitse. Sindikudziwiratu kuti aphunzitsi onse adzakondwa. Ena zidzawawawa kuona mwana wa Fomu 2 akukana malangizo awo oti asankhe sukulu ya mnzawo wa ku koleji. Ziwawawe.

Mpikisano uja utatha, anthu akupakira katundu, ndinamupeza mtsikana uja panja akudikira lole. Ndinamupempha kuti ndione kope lake. Anazengereza, akuganiza kuti mlandu ukupitirira, kenaka anandipatsa ndi manja awiri. Anali atajambula mizere itatu ndi rula. Pa sefa ya madzi analemba kuti madzi akutuluka oyera koma eni ake akukana kumwa. Pa mbaula analemba funso loti ayerekeza ndi mbaula iti. Pa kamkono ka makatoni panali timizere tisanu ndi tiwiri, tinayi todulidwa pakati, ndipo pansi pake analemba kuti: kagwetsa kanayi pa kasanu ndi kawiri, jakisoni wachiwiri akudontha.

Ife oweruza atatu, ndi mafayilo athu ndi mataye athu, tinakaona kamkonoko kakuyenda kamodzi kokha. Ulendo umenewo sikanagwetse botolo, ndipo tinakapatsa malo achiwiri.